Kusintha Corolla NZE121 kuchoka ku automatic kupita ku manual pakhomo

Galimoto zambiri zochokera ku Japan, zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam nkudzalowera pa Songwe, zimabwera za automatic. Zikadali bwino palibe vuto, koma tsiku lomwe gearbox yayamba kuchedwa kugwira mukaika pa D, kapena injini ikungokuwa galimoto osathamanga, mpamene funso lija limabwera, eti kodi sindingangoikamo manual basi ndipume? Zimatheka ndithu, ndipo pa galimoto ngati Corolla NZE121, ija ya injini ya 1NZ-FE ya 1.5 yomwe inapangidwa kuyambira 2000 mpaka 2006, ntchitoyi mutha kuigwira pakhomo ngati muli ndi zida, malo abwino komanso munthu mmodzi wokuthandizani kunyamula.

Koma ndinene kaye zoona zake. Ngati cholinga chanu nkungoti galimoto ibwerere pa msewu mwachangu, kugula automatic ina yabwino nkumangirira pomwepo nthawi zambiri kumatchipa kuposa kusintha zonse, chifukwa apo mukugula chinthu chimodzi pomwe uku mukugula mulu wa zinthu. Kusintha kumakhala ndi phindu ngati galimotoyo mukufuna kukhala nayo zaka zambiri, mumayenda nayo misewu ya fumbi ndi zitunda, kapena mumakhala kutali ndi amakanika odziwa automatic, poti manual ikavuta makanika wa pa trading centre iliyonse amaidziwa. Ndipo ngati yanu ndi Axio NZE141 ya CVT, mtundu wina wa automatic, kapena ina yatsopano kuposa apo, ine ndinganene kuti musayambe pakhomo, makompyuta ake amalankhulana okhaokha kwambiri ndipo mawaya ake adzakudyerani miyezi. Chimodzimodzi NZE124, imeneyo ndi ya 4WD, nkhani yake ndi ina.

Musanagwire sipanala, pezani galimoto yochotsako zinthu

Apa mpamene pagona ntchito yonse. Anthu ambiri amene galimoto zawo zakhala pa majeke mpaka udzu kumera pansi sanalephere kumanga ayi, anayamba kumasula ali ndi gearbox yokha, kenako nkumasakasaka tizinthu ting'onoting'ono kamodzikamodzi, lero bracket mawa kebulo, china chachokera ku Probox china ku Vitz, mapeto ake palibe chikugwirizana. Njira yabwino ndi kupeza galimoto imodzi ya manual yofanana ndi yanu, yochita ngozi kumbuyo kapena half cut, ija yodulidwa pakati nkutsala mbali ya kutsogolo, nkuchotsamo zonse nthawi imodzi. Ku Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe funsani funsani, musathamange.

Tsegulani boneti ya galimoto yanu muwerenge kachitsulo kolembapo kaja. Pa mzere wa MODEL mupeza NZE121 kenako zilembo zisanu, chilembo chachitatu chikakhala P ndiye kuti inabadwa ya automatic, chikakhala M inabadwa ya manual. Pa mzere wa TRANS/AXLE yanu ilemba U340E, lomwe ndi dzina la gearbox ya automatic, ya manual ilemba nambala yoyamba ndi C5. Jambulani pa foni, ndipo mukafika kwa wogulitsa kawerengeni kachitsulo ka galimoto yakeyo ndi maso anu, osangomvera zoti "zonsezi nzofanana bwana". Sedan ndi Fielder za 1.5 zinalipo za manual, zimenezo ndiye zoyenera. Gearbox ya Probox ya 1NZ imamangika pa injini yanu inde, koma thupi la galimoto ndi losiyana ndiye ma mounting, ma kebulo ndi ma shaft akupatsani ntchito yowotcherera ndi kudula. Ma Corolla ndi ma RunX a ku Joni ambiri ndi a manual koma ali ndi injini za ZZ, gearbox yake mabowo a mabawuti sakumana ndi a 1NZ. Ndipo ma pedulo achokere ku galimoto ya chiwongolero cha kumanja ngati zathu zino, a galimoto ya chiwongolero cha kumanzere sangakhale.

Zoti muchotse pa galimoto imeneyo ndi izi, ndipo muime pomwepo pamene akumasula kuti mabawuti ake asasochere: gearbox yonse ili ndi fork yake, slave cylinder ndi switch ya reverse, flywheel ndi mabawuti ake, sitata, ma mounting onse ogwira gearbox pamodzi ndi ma bracket ake makamaka ya kumanzere pansi pa batire, ma drive shaft onse awiri, pedulo ya clutch ndi chitsulo chomwe imapachikidwapo, pedulo ya buleki, master cylinder ya clutch ndi paipi yake yonse kuchokera kumtunda mpaka ku slave, kabotolo ka mafuta a buleki, ndodo ya magiya ndi ma kebulo ake awiri ndi labala yomwe amadutsira polowa mkati, pulasitiki ya pakati pa mipando, ECU yomwe ndi kompyuta ya injini, ndipo ngati wogulitsa avomera, mawaya onse a injini. Tima clip togwira ma kebulo tija musatisiye, ndi tating'ono koma mukafika kunyumba mulibe, giya silowa.

Gearbox muiyese isanakwere galimoto. Zungulitsani shaft ya kutsogolo ndi dzanja uku mukulowetsa magiya onse asanu ndi reverse, isamakhale ndi phokoso lokhwekhwereza kapena kugwedera kwambiri. Tsitsani oyilo pang'ono mu chivindikiro choyera muone padzuwa, akakhala ndi tizitsulo tonyezimira tambiri, isiyeni.

Zinthu zina musagule zakale ngakhale ndalama zitavuta bwanji: clutch plate, pressure plate ndi release bearing zikhale zatsopano, seal ya kumbuyo kwa crankshaft, ma seal awiri a pomwe pamalowa ma shaft, ndi manati awiri a pa ma hub. Release bearing yakale ikayamba kulira pakatha mwezi, ndiye kuti gearbox yonse itsikenso.

Malo ndi zida

Pakhale pa simenti pathyathyathya. Ngati pabwalo panu ndi pa dothi yalani matabwa okhuthala pansi pa ma stand. Ndikunena ma stand achitsulo, osati njerwa, osati mabuloko a simenti, amaphwanyika osachenjeza ndipo inu mudzakhala muli pansi mukugwedeza gearbox ndi mphamvu zanu zonse. Ikani miyala kapena matabwa ku matayala akumbuyo, ndipo matayala akutsogolo mukawachotsa alowetseni pansi pa galimoto m'mbali kuti china chikalephera akutetezeni. Mufunika majeke awiri, ina yogwira injini ina yotsitsira gearbox, ma socket a 10, 12, 14, 17, 19, 24 ndi 30 ya makona 12 ya pa hub, chitsulo chachitali chomasulira zolimba, drill, multimeter, ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti. Imeneyi bwerekani ngati mulibe, flywheel simangidwa mongoyerekeza.

Jambulani chilichonse musanachimasule. Mabawuti a chinthu chimodzi aikeni mu jumbo yakeyake mulembepo.

Kutsitsa automatic

Galimoto idakali pansi, wongolani pomwe anakhomera manati a pa hub nkuwamasula pang'ono wina ataponda buleki. Kenako chotsani batire kuyambira waya wa negative, ndipo dikirani masekondi 90 musanagwire china chilichonse cha magetsi chifukwa cha ma airbag. Chotsani batire yonse, thireyi yake ndi bokosi la air cleaner, mukatero gearbox yonse ikuonekera kuchokera pamwamba. Zulani ma plug onse a pa gearbox, ndipo plug yaikulu ija ya pa switch yomwe ili pamene kebulo ya P R N D imafikira, imangeni kansalu kapena tepi yoonekera chifukwa tidzabwererako. Masulani kebulo ija, mawaya a earth, ndi sitata.

Kwezani galimoto, tsitsani ATF, oyilo wa gearbox ya automatic, masulani mapaipi awiri opita ku radiator. Radiator simukuyenera kuisintha, timilomo tiwiri totsalato mungotitseka kuti fumbi lisalowe. Masulani ball joint ndi tie rod mbali zonse, kankhirani hub panja shaft ituluke, kenako mbali ya ku gearbox muitulutse potsendera ndi chitsulo pa thupi lake la mkati. Osakoka ndodo ya shaft, mungawononge joint. Samalaninso waya wa ABS, ndi wowonda ndipo amaduka msanga hub ikalendewera.

Tsopano chinthu chomwe ambiri amaiwala. Torque converter, chitsulo chozungulira chodzaza ATF chomwe chili pakati pa injini ndi gearbox, inamangidwa ndi mabawuti 6 ku drive plate, chimbale cha mano cha kumbuyo kwa injini, ndipo amenewa amasulidwe gearbox isanasunthe. Chotsani kachivindikiro ka pansi pakati pa injini ndi gearbox, wina azizungulitsa injini ndi sipanala pa pulley ya kutsogolo, inu muzimasula bawuti imodzi imodzi ikamafika pa bowo. Mukaiwala, gearbox ituluka yokha converter nkutsalira pa injini, ATF yomwe ili mkatimo ikhuthukira pa inu ndipo malo otulukira sakwana.

Gwirani injini ndi jeke, pakati pa jeke ndi sump pakhale thabwa lalikulu kuti sump isapindike. Jeke yachiwiri pansi pa gearbox. Masulani ma mounting, ngati chitsulo chopingasa cha pansi chikutchinga chitsitseni, kenako tsitsani injini pang'ono kuti mbali ya gearbox ipendekere pansi, masulani mabawuti ozungulira bell housing ndipo muwerenge bwino, pamakhala ina yobisala kumbuyo yomwe imalowera mbali ya injini. Gearbox ikakana kusuntha musaikhome ayi, fufuzani bawuti yotsala. Ikasiyana ndi injini itsitseni anthu awiri converter ili momwemo, ndi yolemera kwambiri kuposa manual yomwe mukuikayo, zala zanu zisakhale pansi pake.

Pa injini patsala drive plate. Masulani mabawuti ake 6, ichoke pamodzi ndi tizitsulo tozungulira tomwe tili kutsogolo ndi kumbuyo kwake, flywheel imakhala pa crankshaft mwachindunji popanda timeneti. Yang'anani tizikhomo tiwiri towongolera gearbox pa block, tina timapita ndi gearbox yakale, tina timabwera ndi yatsopano, pa bowo lililonse pakhale kamodzi kokha. Popanda timeneti gearbox imakhala mopendeka pang'ono ndipo clutch siikhalitsa.

Mkati mwa galimoto, pomwe msana umapwetekera

Gwirani za mkati pano gearbox isanakwere, malo akadali otseguka. Chotsani mpando wa dalaivala, ndi mabawuti anayi okha ndipo mugona chagada bwinobwino pansi pa dashboard m'malo mopindika ngati nkhono. Chotsani pulasitiki ya pakati, ndodo ya automatic ndi kebulo yake. Chapafupi pomwepo pali kabokosi ka airbag ka ma plug achikasu, musakagunde, musakamasule, ndipo waya aliyense wachikasu musamuyeze ndi multimeter.

Ma kebulo awiri a manual adutse pomwe panadutsa ya automatic, ndi labala yake ya ku galimoto ija munachotsako, kuti madzi ndi utsi zisamalowe. Ndodo ya magiya imakhala pa mabowo omwe alipo kale.

Pedulo ya buleki ya automatic ndi yotakata, ikakhala pomwepo phazi lanu la kumanzere lizigunda buleki mukamafuna clutch. Ena amangoidula ndi grinder, zimagwira, koma poti mwabweretsa ya manual ingoikani imeneyo, ndipo mukamaliza onetsetsani kuti pin ndi clip yogwira ku booster zabwerera komanso switch ya magetsi a buleki ikugunda bwino.

Za clutch, kwezani kapeti ndi chofunda cha pa khoma lolekanitsa injini ndi mkati, chakumanzere kwa pedulo ya buleki. Nthawi zambiri muona pomwe fakitale inasiya chizindikiro cha mabowo a master cylinder, lalikulu pakati ndi awiri a mabawuti. Musaboole mongodalira maso. Tengani katoni, mukaidinde pa galimoto ija ya manual kapena pa chitsulo cha pedulo, mupachike kaye pedulo pa malo ake a kumtunda kuti muone pomwe ikugwera, kenako boolani kabowo kakang'ono muone kunja ngati simukugunda paipi ya buleki kapena mawaya. Bowo likapendeka ndi pang'ono pomwe, ndodo ya master imakankha chammbali ndipo labala ya mkati imatha msanga. Mukaboola pakani penti m'mphepete, dzimbiri limayambira pomwepo. Bawuti ya kumtunda kwa chitsulo cha pedulo musaisiye chifukwa choti njovuta kufikira, popanda iyo khoma lija limapindika nthawi iliyonse mukaponda mpaka limang'ambika.

Yang'anani mmene mafuta a clutch ankafikira ku master pa galimoto ija. Ngati ankachokera mu kabotolo ka buleki kudzera pa kapaipi ka labala, ikani kabotolo komwe munabweretsako, ndichifukwa chake ndinati mukatenge. Yalani paipi yachitsulo mmene inayendera kwawo, yogwidwa ndi ma clip, isamakhudze exhaust kapena kukhuzana ndi chitsulo china. Mafuta amenewa amadya penti, akadontha tsukani ndi madzi pompo.

Flywheel, clutch ndi kukweza gearbox

Sinthani seal ya crankshaft tsopano, ngakhale yakaleyo ikuoneka youma. Automatic imapirira oyilo wodontha pamenepo koma clutch ikangonyowa ndi oyilo yatha. Flywheel ikakhala ndi mizere yakuya kapena mabala abuluu a kupsa, ipititseni ku engineering akaisalaze, ndipo yang'anani mano ake onse. Gwiritsani mabawuti a flywheel, osati a drive plate, kutalika kwake nkosiyana. Pakani thread lock pa mazinga, mangani modumphadumpha osati motsatana, mpaka 49 Nm pa torque wrench, kenako ikani kadontho ka penti pa mutu wa bawuti iliyonse nkuzungulitsanso madigiri 90. Injini imeneyi sifuna pilot bearing kumbuyo kwa crankshaft, zimenezo ndi za galimoto zokoka ndi matayala akumbuyo ngati Hilux, ndiye wina asakugulitseni.

Pukutani nkhope ya flywheel ndi ya pressure plate ndi brake cleaner kapena thinner mpaka nsalu izituluka yoyera, pressure plate yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri. Clutch plate ili ndi mbali, mbali yotukuka ya ma spring imayang'ana ku gearbox. Musanaimange ilowetseni kaye pa shaft ya gearbox muone ngati mano akugwirizana ndipo ikutsetsereka bwino, bola kudziwira pano kusiyana ndi kudziwa muli pansi gearbox ili pachifuwa. Iikeni pakati penipeni ndi kachida kowongolera, mangani mabawuti 6 a pressure plate pang'onopang'ono mozungulira mpaka 19 Nm. Girizi apite pang'ono chabe pa mano a shaft, pa kampira kachitsulo komwe fork imatsamira, ndi pomwe fork imagunda bearing. Akachuluka amamwazikira pa clutch.

Sinthani ma seal a ma shaft gearbox idakali pansi, mangani ma bracket ake, ndiye kwezani. Iikeni mu giya kuti mukamazungulitsa pang'ono mano a shaft azipeza njira. Iyenera kulowa yokha mpaka kukumana ndi block mukaigwedeza pang'ono. Ikatsala ndi mpata wa chala, musaikoke ndi mabawuti, mupinda clutch plate kapena kuswa bell housing, itulutseni muonenso ngati plate ili pakati. Ikakhala, mangani mabawuti onse, ma mounting muyambe mwalowetsa onse momasuka kenako nkumalimbitsa injini itakhazikika. Sitata, slave cylinder, ma kebulo a magiya ndi ma clip ake, ndipo waya wa earth wochokera ku gearbox kupita ku thupi la galimoto abwerere, mukamuiwala magetsi a sitata amadzifunira njira kudzera mu ma kebulo a magiya nkuwaotcha.

Musanalowetse ma shaft, yerekezani mano a ABS a kumapeto kwake ndi a shaft zanu zakale, akhalepo ndipo akhale ofanana kuchuluka. Lowetsani mpaka mumve kuti yadina, mukakoka pang'ono isatuluke. Manati a pa hub ndi 216 Nm ndipo muwakhomere pa mpata wa kumapeto kwa shaft, a matayala 103 Nm.

Mawaya

Ngati munabweretsa mawaya onse a injini ndi ECU ya manual, apa ntchito yachepa, mukungosinthanitsa, ECU ili kuseri kwa glove box. Yerekezani ma plug ake ndi a yanu, chifukwa pakati pa zaka zimenezi Toyota inasinthako zina. Kiyi wanu akakhala wa chip, ECU yachilendo sidzamuzindikira ndipo injini sidzalira, pamenepo mufunika kiyi ndi zowerengera kiyi za galimoto yomweyo kapena auto electrician wodziwa kupanga program.

Ngati mukusunga mawaya anu, bwererani ku plug ija munamanga kansalu. Mmenemo muli zinthu ziwiri zofunika. Pali mawaya awiri a sitata omwe switch yakale inkalumikiza pokhapokha ndodo ili pa P kapena N, ndipo pali awiri a magetsi a reverse. Musadalire mtundu wa waya womwe wina wakuuzani, tengani switch yakaleyo pa gearbox yomwe mwatsitsa, yezani ndi multimeter mukusuntha kamkono kake: ma pin omwe akulumikizana pa P ndi pa N pokha ndi a sitata, omwe akulumikizana pa R pokha ndi a reverse. A reverse awonjezereni afike pa switch ya pa gearbox yatsopano, mulumikize ndi solder nkuphimba bwino, osati kungopota ndi tepi pamalo pomwe pamafika madzi ndi matope.

A sitata aja ambiri amangowalumikiza pamodzi basi nkumapita. Galimoto imalira inde, koma ndiye kuti izilira ngakhale ili mu giya, ndipo tsiku lina wina wozolowera automatic adzapotokola kiyi ali panja kudzera pa windo, kapena mwana adzasewera ndi kiyi, galimoto nkudumphira kutsogolo komwe kuli khoma kapena munthu. Chonde kokani mawaya awiriwo afike pa switch ya pansi pa pedulo ya clutch, kuti sitata izizungulira pokhapokha mwaponda mpaka pansi. Ngati switch ndi yaing'ono, idutsitseni pa relay. Ndi ntchito ya ola limodzi, musaidumphe.

ECU ya automatic ikatsala, injini imalira ndipo galimoto imayenda, koma kompyutayo imakhala ikufunafuna ma solenoid a U340E omwe kulibenso, ndiye check engine imayaka osazima, ndipo idling itha kumavuta, pena kukwera pena kufuna kuzima mukaponda clutch pofika pa roundabout. Choipa kwambiri nchoti nyali ija ikamangoyaka masiku onse, tsiku lomwe injini idzakhale ndi vuto lenileni simudzadziwa. Nchifukwa chake ndimalimbikira ECU ya manual, ndipo kuchotsa babu wa check engine si kukonza.

Speedometer muione mmene inkapezera liwiro. Zina zimatenga ku ABS, zimenezo zimangogwira osakhudza kanthu, zina zimatenga pa sensor ya pa gearbox, pamenepo mawaya ake alumikizidwe ku sensor ya gearbox yatsopano. Ndipo mukapeza kuti kiyi akukana kutuluka mukazimitsa, ndi kaloko kaja komwe kankadikira kuti ndodo ifike pa P, kali pambali pa pomwe mumalowetsa kiyi, zulani plug yake kiyi azituluka. Zilembo za P R N D pa dashboard zingokhala zozima, sizivuta kanthu.

Mafuta, kupopa clutch ndi kuyesa

Galimoto ikhale mowongoka. Tsegulani bawuti yothirira ya m'mbali mwa gearbox, thirani gear oil wa 75W-90 mpaka ayambe kubwerera pa bowo, amalowa pafupifupi malita 1.9. ATF yotsala ija isalowemo.

Clutch imafuna mafuta a buleki a DOT 3, a m'botolo losatsegula. Mmodzi akhale mkati, wina pa nipple ya slave cylinder ndi kapaipi koonekera mkati kolowa mu botolo. Wamkati aponde kangapo nkugwira pansi, wapanja atsegule, atseke, ndiye wamkati akweze phazi, pena pedulo imatsalira pansi muikweze ndi dzanja. Bwerezani mpaka thovu litasiya, uku mukuwonjezera mafuta mu kabotolo kuti kasaume. Ngati munasintha kabotolo ka buleki, popaninso mabuleki onse anayi, musatuluke pa geti musanatero. Pedulo ya clutch ikhale ndi kampata kongoyenda yokha ka mamilimita 5 mpaka 15 isanayambe kulimba, mumasintha pa ndodo ya master. Mpata ukasowa clutch imakhala ngati mwaiponda pang'ono nthawi zonse ndipo imapsa, ukachuluka magiya amakhwekhwereza polowa.

Kuyesa koyamba kuchitike matayala akutsogolo ali m'mwamba pa ma stand. Injini isanalire lowetsani magiya onse. Yesani kuliza osaponda clutch, isalire. Pondani, lizani, mverani phokoso lachilendo, lowetsani 1 nkusiya clutch pang'onopang'ono muone matayala akuzungulira, pondaninso muone ngati akuima mukagwira buleki injini osazima. Reverse ikamalira kwambiri polowa ndiye kuti mukadali mpweya mu paipi, popaninso. Wina aone kumbuyo ngati magetsi a reverse akuyaka. Nyali ya ABS itha kuyaka poti matayala akumbuyo aima, imazima mukayenda pa msewu.

Mukatsitsa, yambani ndi kuzungulira pafupi, mubwere muyang'ane pansi ngati pakudontha pa ma seal ndi pa slave. Makilomita 500 oyambirira iyendetseni mofatsa, osanyamula katundu wolemera, osaigwira pa chitunda ndi clutch, kenako mubwerezenso kuona mabawuti a ma mounting ndi mulingo wa oyilo.

Handbrake muikonze tsiku lomwelo. Pa automatic anthu ambiri amadalira P ndiye handbrake imakhala inafooka kalekale osadziwa, pano P kulibe, poimika pa zitunda za ku Blantyre kapena ku Zomba muzikoka handbrake nkusiya mu giya 1 kapena reverse. Auzeninso onse amene amayendetsa galimotoyo pakhomo.

Pomaliza mapepala. Pitani ku Road Traffic mukafotokoze kuti gearbox yasintha kuti zolembedwa za galimoto zigwirizane ndi mmene ilili musanakapangitse COF, ndipo a inshuwalansi muwauze polemba kalata, ngozi ikachitika asadzapezerepo chifukwa chokanira kulipira. Amene muli ku South Africa kapena ku UK yang'ananinso laisensi yanu, ngati munayesedwa pa automatic lamulo la kumeneko silikulolani kuyendetsa manual mpaka mutakayesedwanso. Gearbox yakale, converter, ECU ndi ndodo yake musataye, ngakhale yowonongeka amakanika a automatic amagula kuti achotsemo ma solenoid ndi valve body, ndalama yake ikuthandizani kubweza ina mwa yomwe mwawononga pa clutch kit.